Nyumba ya Mwana Wanga ndi Makalata Khumi ndi Imodzi

1

Ndine nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi. Ndinaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo makumi awiri mwa zakazo ndinali mphunzitsi wamkulu. Ana ankanditchula kuti Belu, chifukwa ankati ndikalowa pa chipata munthu akhoza kukonza wotchi yake. Mowa sindinaulawepo, ngongole sindinatengepo, ndipo sindinatulukepo m'nyumba kolala ili yopindika. Ndanena izi kuti mudziwe kuti munthu amene anatayitsa mwana wanga nyumba, ndi kupasula banja lake, anali munthu wa mwambo. Munthuyo ndine.

Mwana ndili naye mmodzi, wamkazi, namwino pa chipatala. Ine ndi malemu mayi ake tinamulera ndi malamulo atatu. Mwana salankhula wamkulu asanamalize. Mwana safunsa kawiri chimene wayankhidwa kamodzi. Mwana sayang'ana bambo ake m'maso. Malamulowa anawasunga ngakhale atakula ndi kuvala yunifolomu yoyera, ndipo ine ndinkanyadira.

Anakwatiwa ndi makaniko wa magalimoto. Sindinamukonde. Anali ndi mafuta akuda m'zikhadabo, ankaseka mokweza, ndipo tsiku loyamba kulowa m'nyumba mwanga anakhala pansi ndisanamulozere mpando, n'kunditchula kuti "madala". Ndinamuuza kuti m'nyumba muno mulibe madala, muli bambo. Anapepesa akumwetulira. Kumwetulirako ndinakusunga mumtima zaka khumi ngati mlandu.

2

Loweruka lina masana anabwera awiriwo. Ndinawazindikira asanagogode, pakuti mkamwini wanga ankakoka phazi lamanzere poyenda.

"Bambo, taipeza nyumba," anatero mwana wanga, atakhala pa kampando kake kakafupi. "Zipinda zitatu, khonde, ndi mtengo wa mapeyala kuseri. Tasunga zaka zisanu ndi zinayi. Banki yavomera kutibwereketsa zotsalazo."

"Kuli ndi malo oimika galimoto ziwiri, bambo," anawonjezera mkamwini. "Tangotsala ndi galimotozo basi."

Sindinaseke.

"Mapepala a banki ndi ambiri, chilankhulo chake ndi cholimba," anapitiriza mwana wanga. "Inu mwawerengera anthu makalata moyo wanu wonse. Tiperekezeni mukatiwerengere. Mukati tisaine, tisaina."

Mawu amene ndinayenera kulankhula pamenepo anali ochepa, ndipo anafika pakamwa. Ndinawameza.

"Lachiwiri, naini koloko," ndinatero. "Musachedwe."

3

Ofesi ya ngongole inali kachipinda ka magalasi, kozizira ngati m'firiji. Titangolowa, mayi amene anali kuseri kwa tebulo anaimirira mpando n'kulira.

"Aphunzitsi! Mwandikumbukira?"

Mawuwo ndinawadziwa. Anali mtsikana amene ndinamuphunzitsa zaka zambiri zapitazo, amene anzake ankamutcha Mafunso, chifukwa dzanja lake silinkatsika m'kalasi. Ndinamulangapo kambirimbiri chifukwa cha kufunsa zinthu zimene ndinali nditafotokoza kale.

"Ndakukumbukira," ndinatero. "Ndikukhulupirira kuti unaleka kudula anthu mawu."

Anaseka mwaulemu, n'kuyamba ntchito yake. Ndivomereze kuti ankafotokoza bwino.

"Ndalama imene mwabweretsayi timaitcha ndalama yoyambira. Ndi gawo lanu la mtengo wa nyumba. Zotsalazo ikulipira banki, ndipo imeneyo ndiyo ngongole yeniyeni. Nyumbayo ikhala chikole, kutanthauza kuti chikalata cha umwini chidzalembedwa m'maina anu, koma chidzasungidwa kuno mpaka mutamaliza kubweza. Mukalephera kubweza, banki ili ndi mphamvu yogulitsa nyumbayo. Tamvana mpaka apa?"

"Ndiye kuti nyumba ndi yathu masana, usiku ndi yanu," anatero mkamwini.

"Ndi yanu nthawi zonse, bola muzilipira," anayankha akuseka. "Tsopano tifike pa chiwongoladzanja, ndalama imene banki imalipiritsa chifukwa chokubwereketsani. Chilipo cha mitundu iwiri. Mapepalawa tawakonza ndi chimene chimayamba motsika, monga munapempha, koma ndiyenera kukufotokozerani kuti..."

"Bweretsa mapepalawo kuno," ndinatero.

Anandipatsa. Ndinavala magalasi anga, ndi kutembenuza masamba onse khumi ndi anayi, limodzi limodzi, mosapupuluma. Nditamaliza ndinawalinganiza pa tebulo.

"Pepani, ndifunseko," anatero mkamwini. "Ine ndimaganiza ngati wa pa garaja. Ndalama ya pamweziyi, ikhala yomweyi mpaka zaka makumi awiri zithe?"

"Funso labwino kwambiri," anatero Mafunso. "Ndi zimene ndimati..."

"Mkamwini," ndinamudula, "zimene mukufunsazo zalembedwa m'mapepalamu, ndipo ndaziwerenga. Ndalamayo ndi imodzi. Musatichititse manyazi mu ofesi ya anthu."

"Aphunzitsi, ntchito yanga imafuna kuti tsamba lachisanu ndi chimodzilo ndilifotokoze ndi pakamwa."

"Kuwerenga ndinakuphunzitsa ndine, mwanawe. Lero ufuna undiphunzitse?"

Mkulu wa ngongole wa banki yonse anasanduka kamtsikana ka pa benchi yachitatu. Anangoti chapansipansi, "Mukawerengenso kunyumba tsamba limenelo, chonde." Mwana wanga anatola cholembera.

"Ndisaine, bambo?"

"Saina."

Pa malo olemba keyala ya makalata ndinalamula kuti alembe bokosi langa la ku positi, limene ndakhala nalo zaka makumi anayi. Ndinati makalata a banki sayenera kufikira pa garaja, pomwe angakulungire zitsulo. Palibe anatsutsa.

4

Chaka ndi theka zinayenda bwino. Mkamwini anapaka khoma penti yachikasu, anamanga shelefu ya mabuku m'chipinda chimene ankati ndi changa ndikadzakalamba, ngati kuti ndinali ndisanakalambe. Lamlungu lililonse ndinkadya kwawo. Mwana wanga ankayenda m'nyumbamo akukhudza makoma ngati munthu wosakhulupirira.

Wopita ku banki mwezi ndi mwezi anali mkamwini, chifukwa mwana wanga nthawi zambiri ankakhala ali ku wodi. Aliyense ankaika gawo lake mu envulopu.

M'mawa wina mwana wanga anafika kwanga asanapite kuntchito. Ndinali pa khonde, nyuzipepala ili m'manja monga mwa masiku onse.

"Bambo, amuna anga akuti ndalama ya pamwezi yakwera. Aka n'kachiwiri. Abweretsa kapepala aka, akuti awapatsa ku banki."

Ndinakagwira kapepalako, ndi kukabweza.

"Pepala lotere aliyense akhoza kulisindikiza pa kashopu ka pa ngodya. Banki ikasintha kanthu imalemba kalata, ndipo makalata amafikira kwa ine."

"Palibe imene yafika?"

M'kabati yanga ya m'chipinda munali makalata atatu a banki. Ndinali nditawatsegula bwinobwino ndi kampeni kanga ka makalata, ndi kuwasanja monga anafikira.

"Palibe yonena zimenezo," ndinatero.

"Mwina ndipite ndekha ndikafunse..."

"Pita. Ukawauze kuti bambo ako ndi abodza, ndiponso kuti sadziwa kuwerenga."

"Ayi, bambo, sindinatanthauze choncho."

"Ndiye funsa mwamuna wako kumene ndalama zikupita. Ine ndinanena kalekale kuti munthu woseka mokweza amabisa zambiri."

Anachoka mwakachetechete. Anali atayankhidwa kamodzi, ndipo sanafunse kawiri.

5

Zimene zinatsatira ndinkazimva pang'onopang'ono. Mwana wanga anakana kuwonjezera ngakhale pang'ono pa gawo lake. Mkamwini anayamba kukwaniritsa yekha. Anagulitsa makina ake owotcherera zitsulo, kenako jeke yaikulu yokwezera galimoto. Mkazi wake ataona kuti zida zikutha ndipo ndalama siikuoneka, anayamba kumva zimene anthu a pa mpanda amanena pa nkhani zotere, zoti pali mkazi wina amene akulipiriridwa lendi.

Tsiku lina mkamwini anabwera kwanga yekha. Anaima pakhomo mpaka nditamuuza kuti akhale. Fungo la sopo linali lamphamvu, moti ndinadziwa kuti wakwecha m'manja asanabwere.

"Bambo, ine sukulu sindinapite patali, koma kuba sindinabepo. Ku banki akuti akhala akutumiza makalata ku bokosi lanu. Ndikupempha ndiwaoneko, ndikawaonetse akazi anga. Banja langa likutha."

"Mukufuna kufufuza m'kabati ya apongozi anu?"

"Ayi, bambo. Kalata imodzi yokha."

"Mukadakhala ndi mwambo simukadapempha zimenezo. Chitseko mukuchidziwa."

Anaimirira. Ndinamva akupuma mozama.

"Ndinkaganiza kuti mukungondida chifukwa cha zikhadabozi," anatero. "Tsalani bwino, bambo."

M'kabati munali makalata asanu ndi awiri tsiku limenelo.

Patatha miyezi iwiri, awiriwo anakangana kwambiri. Mwana wanga anamutchula wakuba anthu akumva. Mkamwini anatenga chikwama chake n'kukagona ku garaja, pa mpando wa minibasi yakufa. Anapitiriza kulipira zimene akanatha, koma zinali zosakwana. Mwana wanga ankatumiza gawo lake lakale lomwe lija, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti ndi lokwanira.

Anabwera kudzalira kwa ine. "Munanena zoona, bambo. Ndikadakumverani."

Ndinamusisita pamutu. Mwa zonse zimene ndinachita, dzanja limenelo ndi limene limandiwotcha mpaka lero.

6

Mwana wanga anadzidzimuka tsiku limene anapeza bambo wina wa tepi yoyezera ataima pa khonde lake. Anati watumidwa ndi banki kudzayesa mtengo wa nyumba isanagulitsidwe. Mwana wanga sanabwere kwa ine ulendo umenewu. Anapita molunjika ku kachipinda ka magalasi kaja.

Anafika kwanga chakumasana. Sanagogode, ndipo sanakhale pa kampando kake. Anaika mulu wa mapepala pa tebulo.

"Bambo, lero ndaphunzira mawu ambiri," anatero. Mawu ake anali osalala ngati a munthu wowerenga lipoti la wodwala. "Pali chiwongoladzanja chokhazikika, chimene sichisintha mpaka mapeto. Pali chosinthasintha, chimene chimayamba motsika koma chimakwera zinthu zikakwera. Ife tinasaina chosinthasintha, pa tsamba lachisanu ndi chimodzi. Ndaphunzira kuti ukalipira moperewera, zotsalirazo zimaunjikana, ndipo pamwamba pake amaika chindapusa. Ndaphunzira chenjezo lomaliza. Lathu linatha masiku ake mwezi watha. Akuti anatumiza makalata khumi ndi imodzi ku bokosi lanu."

Anakankhira mapepalawo kwa ine.

"Mayi a ku banki aja alira, bambo. Akuti tsiku lija ankafuna kunena, koma anakuopani."

"Ukulankhula ndi bambo ako uli chiimire?"

"Inde. Nayi kalata yoyamba, andisindikiziranso ku banki. Ndiwerengereni mokweza."

"Magalasi anga ali kuchipinda."

"Mwavala, bambo."

Ndinalikweza pepalalo. Linali loyera, lokhala ndi mithunzi yotuwa, monga mmene pepala lililonse linkaonekera kwa ine. Wotchi ya pakhoma inkagunda. Sindinawerenge ngakhale liwu limodzi.

Kenako mwana wanga anachita chimene sanachitepo chibadwire. Anandivula magalasi, anandigwira chibwano monga amagwirira odwala ake, n'kutembenuzira nkhope yanga ku zenera. Anandiyang'ana m'maso.

"Mayi ine," ananong'ona. "Ng'ala. Maso onse awiri. Kuyambira liti?"

"Mayi ako asanamwalire. Ankandiwerengera iwowo. Atapita, ndinalibe womuuza."

"Ndiye ku banki kuja?"

"Ndinkawerenga manambala mumtima. Tsamba lililonse mpaka makumi anayi, kenako n'kutembenuza."

"Nyuzipepala ya m'mawa uliwonse?"

"Anthu odutsa mumsewu anazolowera kundiona nayo."

"Makalata aja?"

"Ndinkawadziwa ndi kapulasitiki ka pa envulopu. Ndinkawatsegula, ndi kuwasunga mwadongosolo. Kuti ndipemphe munthu andiwerengere, ndikanayenera kunena kuti tsiku lija sindinawerenge kanthu. Kalata iliyonse imene inkafika inkakulitsa bodzalo, ndipo ine ndinkachepa."

Anandisiya chibwano. Ndinayembekezera kuti akalipa, ndipo ndikanakonda akadatero.

"Ndine namwino, bambo," anatero pang'onopang'ono. "Ng'ala ndimaizindikira ndili pakhomo la wodi. Adokotala amaichotsa m'theka la ola. Zaka zisanu ndakhala ndikukuthirirani tiyi ndikuyang'ana nsapato zanu, chifukwa munandiphunzitsa choncho." Anatola chikwama chake. "Mwamuna wanga ndinamutchula wakuba pamsewu."

7

Anayesetsa, koma nthawi inali itatha. Nyumba inagulitsidwa kwa wopereka mtengo wokwera, ndipo mtengowo unali wotsika kuposa umene anagulira. Banki itatenga ngongole yake, zotsalira, chindapusa ndi zolipira ogulitsa, ndalama yoyambira ija, thukuta la zaka zisanu ndi zinayi, inabwerako yokwana lendi ya miyezi inayi.

Sabata yomweyo mwana wanga ananditengera kuchipatala. Sanandilankhule m'njira. Anasaina mapepala anga, atawawerenga mzere uliwonse. Opaleshoni inatenga mphindi makumi awiri ndi zisanu.

Atandichotsa bandeji, chinthu choyamba chimene ndinachita nditafika kunyumba chinali kutsegula kabati. Ndinawerenga makalata onse khumi ndi imodzi. Yachisanu inali ndi siginecha ya Mafunso. Inkati banki yaona kuti akuvutika, ndipo ngati angabwere pasanathe masiku makumi atatu, akhoza kukonzanso ngongoleyo, kutalikitsa zaka zobwezera kuti ndalama ya pamwezi itsike. M'munsi mwake anawonjezera ndi cholembera: "Aphunzitsi, chonde auzeni abwere." Kalatayo inagona m'kabati mwanga miyezi isanu ndi inayi, yotsegulidwa bwino, yopanda khwinya.

M'mawa mwake ndinavala jekete n'kupita ku garaja. Kanali koyamba kuona nkhope ya mkamwini wanga bwinobwino pa zaka zambiri. Anali ndi imvi, ndipo anali ataonda. Anatuluka pansi pa galimoto, n'kupukutira ndowa yovundikira kuti ndikhalepo. Sindinakhale.

"Ndabwera kudzanena kuti ndinanama. Inu munafunsa funso loyenera, ine ndinakutsekani pakamwa. Simunabe kanthu. Wakuba ndine."

Anapukuta m'manja nthawi yaitali.

"Mukadandinong'oneza ine, bambo," anatero. "Ndimawerenga pang'onopang'ono, koma ndimawerenga. Sindikanauza munthu."

"Bwererani kwa mkazi wanu."

"Anabwera, anapepesa, tinalira. Koma ndikamuona ndimamvabe mawu aja. Injini ikagogoda kamodzi, bambo, ukhoza kuikonza, koma khutu limangodikira kuti igogodenso." Anamwetulira pang'ono, kumwetulira kuja kumene ndinkadana nako. "Shelefu yanu ija ogula nyumba aisunga. Akuti ndi yolimba."

8

Papita zaka ziwiri. Mwana wanga akukhala m'chipinda chimodzi cha lendi pafupi ndi chipatala. Mkamwini akugonabe ku garaja. Sanasudzulane, ndipo sanabwererane. Nthawi zina ndimadutsa pa msewu wa nyumba ija. Khoma analipaka penti ina, koma mapeyala akubereka, ndipo tsopano ndimawaona limodzi limodzi.

Inu amene mukuwerenga, makamaka amene mukusunga ndalama kuti mugule nyumba, mverani mphunzitsi wokalamba phunziro lake lotsiriza. Musanasaine, funsani ngati chiwongoladzanja ndi chokhazikika kapena chosinthasintha. Funsani chimene chidzachitike mwezi umene mudzalipire moperewera, ndi masiku amene mudzakhale nawo chenjezo likafika. Makalata azifikira m'manja mwanu. Ngati simunamve, funsani kawiri, funsani katatu, ngakhale wokufotokozeraniyo akhale mwana amene munamusambitsa. Ndipo inu akuluakulu anzanga, amene ana anu amakukhulupirirani kuposa pepala, mawu oti "sindikuona" ndi aafupi. Ine ndinawaopa, ndipo amene analipira mantha anga si ine.

Mwana wanga amabwerabe Lamlungu lililonse. Amandithira mankhwala m'maso, amafunsa ngati ndadya, amanditchula kuti bambo. Kampando kake kakafupi sakhalaponso. Amakhala pa mpando woyang'anizana ndi wanga, ndipo polankhula amandiyang'ana m'maso molunjika. Maso anga akuona bwino tsopano, moti nkhope yake ndimaiona yonse, pamodzi ndi makwinya amene ndinamulemba ndine. Sindipirira nthawi yaitali. Amene amayang'ana pansi masiku ano ndine.